Mkazi pansi pa denga

Chilembo choyamba cha Chitchaina chimene ndinachikonda chinali 安. Amachitchula kuti an. Pamwamba pali kadenga, pansi pali mkazi, ndipo tanthauzo lake ndi mtendere, bata, kukhala mosatekeseka. Aphunzitsi athu anachilemba pabolodi sabata yachiwiri chifikireni ine ku Xi'an, kumene ndinapita kukaphunzira, chifukwa chili m'dzina la mzindawo: xi ndi kumadzulo, an ndi mtendere. Ndinachikopera m'kope mosamala, mizere 6, uliwonse pa nthawi yake, dzanja likunjenjemera. Nditacheuka ndinapeza mtsikana wa ku Korea amene anakhala pambali panga atamaliza kalekale. Bambo ena a ku Japan, aakulu kwa tonsefe m'kalasimo, sanachilembe n'komwe. Anangochiyang'ana ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake pamsika wa kutali.

Pa nthawi yopuma bambo aja anatenga kope langa n'kulemba chilembo chomwecho mothamanga, osanyamula cholembera papepala. Anachilembanso mothamanga kuposa poyamba, mpaka denga lija linatsala kamzere, mkazi uja n'kusanduka chozungulira: あ. M'Chingerezi chathu chothyokathyoka anati, "Uyu ndiye a wathu." Ndicho chilembo choyamba pa mndandanda umene ana a ku Japan amaloweza. Mtsikana wa ku Korea anati moni wa kwawo, annyeong, amayamba ndi an yemweyo. Mnyamata wa ku Vietnam, kumene amalemba ndi zilembo zachilatini ngati ife, anakhala kaye chete. Kenaka anati kwa zaka mazanamazana Atchaina ankatcha dziko lake An Nam, kutanthauza kummwera kumene kwatontholetsedwa. Ponena zimenezi sanamwetulire.

Papita zaka chichokereni kumeneko, koma mphindi zimenezo sizinandichoke.

Miyezi yotsatira inandionetsa kuti nkhaniyi ndi yaikulu. Aphunzitsi akati daxue, kutanthauza yunivesite, ine ndinkavutika nalo liwulo ngati mwala m'kamwa, pamene anzanga atatu aja ankangogwedeza mutu: ku Japan amati daigaku, ku Korea daehak, ku Vietnam đại học. Mwana wasukulu ndi xuesheng ku China, gakusei ku Japan, haksaeng ku Korea, học sinh ku Vietnam. Mawu ndi amodzimodzi, malilime anayi anangowapinda mosiyana. Chodabwitsa n'chakuti zilankhulozi si zapachibale monga Chichewa chilili ndi Chitumbuka kapena Chishona. Chijapani ndi Chikoreya zimaika mneni kumapeto kwa chiganizo ndipo zimamata timawu tambirimbiri kumchira kwa liwu, zimene Chitchaina sichichita. Chivietinamu abale ake ndi zilankhulo monga Chikhmer cha ku Cambodia. Ndiye kuti mawuwa anachita kubwera, ndipo kwa aliyense wa anzangawo anabwera mwa njira yake.

Kwa mnzanga wa ku Vietnam anabwera ndi asilikali. M'chaka cha 111 B.C. mfumu yaikulu Wu ya ufumu wa Han inalanda dziko la Nanyue, ndipo chigwa chimene kuli Hanoi lero chinakhala chigawo cha China kwa zaka pafupifupi 1,000. Abwanamkubwa ankachokera kumpoto, msonkho ndi milandu zinkalembedwa m'Chitchaina. Eni dziko sanangopinda manja. M'chaka cha 40 A.D. akazi awiri a mimba imodzi, Trưng Trắc ndi Trưng Nhị, anatsogolera nkhondo n'kuthamangitsa bwanamkubwa, ndipo anagwira dziko mpaka mkulu wankhondo Ma Yuan anadzawagonjetsa mu 43. Dzina lija la An Nam linakhazikika mu 679, nthawi ya ufumu wa Tang. Ufulu unadza mu 938, pamene Ngô Quyền anazika mitengo yosongoka, yovekedwa chitsulo kunsonga, pansi pa mtsinje wa Bạch Đằng, n'kunyengerera zombo za adani kuti zilowe madzi atakwera. Madzi ataphwera, zombo zinabayika n'kumira.

Wina angaganize kuti atadzimasula anataya zonse za mtsamunda, koma sanatero. Mu 1070 anamanga kachisi wa Confucius, mphunzitsi wanzeru wakale wa ku China, ku Thăng Long, Hanoi wa lero. Mu 1075 anachititsa mayeso oyamba osankhira ogwira ntchito za boma potengera a ku China, ndipo chaka chotsatira anatsegula sukulu yapamwamba pamalo pomwepo. Pabwalo la kachisiyo mpaka lero pali miyala 82 yoimikidwa pamsana pa akamba osema, yolembedwa maina a anthu amene anakhoza mayeso kuyambira 1442 mpaka 1779. Ngakhale chikalata chimene Nguyễn Trãi analemba mu 1428, cholengeza kuti asilikali a ufumu wa Ming wa ku China apirikitsidwa atalamulira zaka 20, chonenetsa kuti dziko lawo lili ndi mapiri ake, mitsinje yake ndi miyambo yosiyana ndi ya kumpoto, chinalembedwa m'Chitchaina cha m'mabuku. Anauza China kuti iwo si Atchaina, ndipo anamuuza m'chilankhulo chake chomwe. Ife amene malamulo a dziko lathu lodziimira palokha tinawalemba m'Chingerezi sitingadabwe nazo kwambiri.

Ku Korea zina zinabwera ndi nkhondo, zina anakazitenga okha. Mfumu Wu yomwe ija inakhazikitsa zigawo zinayi kumpoto kwa Korea mu 108 B.C., ndipo chimodzi mwa izo, Lelang, pafupi ndi Pyongyang wa lero, chinakhalapo mpaka 313. Chibuda, ngakhale chinabadwira ku India, chinafika ku Korea malemba ake atamasuliridwa kale m'Chitchaina: ku ufumu wa Goguryeo mu 372, ku Baekje mu 384, ku Silla mochedwerapo. Akoreya ndi amenenso anachiolotsa nyanja. Chapakati pa zaka za m'ma 500, mfumu Seong ya Baekje inatumiza chiboliboli cha Buddha ndi malemba kwa mfumu ya ku Japan, ndipo ambiri mwa alembi, amisiri omanga akachisi ndi odziwa za kalendala amene anaphunzitsa Ajapani oyambirira anali ochokera ku Korea. Mtsikana uja ankaikonda mfundo imeneyi, ndipo bambo a ku Japan aja sankaitsutsa.

Nkhani ya Japan ndiyo imandigwira mtima kwambiri, chifukwa kumeneko palibe bwanamkubwa wa ku China amene anakalamulirako. Iwo eni ankamanga zombo n'kupita kukatenga. Kuyambira 630, kwa zaka zoposa 200, boma la Japan linkatumiza nthumwi ku ufumu wa Tang, kawirikawiri zombo zinayi pa ulendo umodzi, zodzaza akazembe, ophunzira, amonke ndi amisiri, anthu mazanamazana. Zombozo sizinali zolimba pa nyanja yaikulu. Zina zinkamira, zina mphepo inkakazitaya kutali. Okwerawo ankadziwa zimenezi potsanzika abale awo, koma ankapitabe.

Kumene ankapitako ndi kumene ine ndinkakhala. Xi'an wa lero wakhala pamabwinja a Chang'an, dzina lotanthauza mtendere wokhalitsa, ndi an yemwe uja. M'zaka za m'ma 700 unali umodzi mwa mizinda ikuluikulu padziko lonse, wa anthu pafupifupi 1 miliyoni, mpanda wake makilomita oposa 9 uku, oposa 8 uku. M'kati munali midadada yoposa 100 yondandalikidwa ngati maenje a bawo, uliwonse ndi mpanda wake ndi zipata zake zimene zinkatsekedwa madzulo ng'oma zikalira. Nyumba ya mfumu inali kumpoto, moyang'ana kummwera. Ajapani anabwerera kwawo n'kukamanga Nara mu 710 pa pulani yomweyo, ndipo msewu waukulu wapakati anaupatsa dzina lomwe lija la ku Chang'an, la mbalame yofiira ya kummwera. Mu 794 anamanga likulu lina, Kyoto wa lero, n'kulitcha Heian-kyō. An uja ali m'menemonso.

Madzulo ena ndinkapita ku paki ya Xingqing, kumene kuli chipilala choyera chokumbukira Abe no Nakamaro. Mnyamatayu anachoka ku Japan mu 717 asanakwanitse zaka 20. Anaphunzira ku Chang'an, anapatsidwa udindo m'boma la Tang, anapalana ubwenzi ndi alakatuli Li Bai ndi Wang Wei. Atakhala zaka zoposa 30 analoledwa kubwerera kwawo. Mu 753 namondwe anakankha chombo chake mpaka kugombe la Vietnam, mbiri inamveka kuti wamira, ndipo Li Bai anamulembera ndakatulo ya maliro munthu ali moyo. Anabwerera ku Chang'an, pambuyo pake anapatsidwa ubwanamkubwa wa An Nam komweko, ndipo anamwalira ku China mu 770 osaonanso kwawo. Ndakatulo yake imene imalowezedwa ku Japan mpaka lero ndi ya munthu woyang'ana mwezi n'kumafunsa ngati uli womwe uja unkatuluka pamwamba pa phiri la Mikasa ku Nara. Ine ndinkaima pachipilalapo m'miyezi yozizira, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, ndikuganiza za mwezi wa kwathu nthawi yokolola, ana akusewera pabwalo mpaka usiku.

Pa ulendo womwewo wa 753, m'chombo china cha gulu lomwelo, munali mmonke wa ku China dzina lake Jianzhen, amene Ajapani amamutcha Ganjin. Anamuitana kuti akadzoze amonke awo mwadongosolo. Anali atayesa kuoloka kasanu n'kulephera, maso ake anali atachita khungu m'maulendowo, ndipo uwu wachisanu ndi chimodzi ndi umene unamufikitsa. Kachisi amene anayambitsa ku Nara mu 759, Tōshōdai-ji, akadalipo. Zombo zinanyamukira limodzi: wolakalaka kwawo sanafike, wosiya kwawo anafika koma osaona dziko limene anafikamo.

Ajapani sanameze chilichonse. Anatenga zilembo, malamulo, kalendala, kamangidwe ka mizinda, pambuyo pake tiyi. Mchitidwe wofula amuna otumikira kunyumba ya mfumu anausiya komweko, ndipo kumanga mapazi a atsikana kutafala ku China iwo sanatengere. Mayeso a boma sanazike mizu chifukwa maudindo ankatsata mabanja. Chiphunzitso chakuti Kumwamba kungalande ufumu kwa banja lina n'kuupereka kwa lina sanachifune pa mafumu awo. Kalekale mu 607, kalata imene Ono no Imoko anapita nayo kwa mfumu Yang ya ufumu wa Sui inayamba ndi mawu akuti ikuchokera kwa Mwana wa Kumwamba wa kotulukira dzuwa kupita kwa Mwana wa Kumwamba wa kolowera dzuwa, ndipo mfumuyo inaipidwa nayo. Mu 894, Tang atafooka, Sugawara no Michizane analangiza kuti maulendo aja alekeke, ndipo analekekadi.

Chimene chinalumikiza maiko anayiwa koposa zonse chinali Chitchaina cholemba, cha m'mabuku a Confucius ndi omutsatira. Palibe amene ankachilankhula pamsika, ngakhale ku China komweko. Chinali chilankhulo cha maso. Aliyense ankawerenga zilembozo ndi katchulidwe ka kwawo, monga nambala 5 ife timati zisanu, Mswahili tano, Mpwitikizi cinco, koma tonse tamva chimodzi. Choe Chiwon wa ku Silla anapita ku Tang ali ndi zaka 12 n'kukhoza mayeso a boma kumeneko mu 874. Ufumu wa Goryeo wa ku Korea unayambitsa mayeso akeake mu 958. M'zaka za m'ma 1200, Amongolia akusakaza dzikolo, Akoreya anasema malemba a Chibuda pamatabwa oposa 81,000, ndipo matabwawo akusungidwabe ku kachisi wa Haeinsa. Mu 1377 ku Cheongju anasindikiza buku ndi zilembo zachitsulo zochotseka, zaka zoposa 70 Gutenberg wa ku Germany asanasindikize Baibulo lake. Zonsezi m'zilembo za Chitchaina.

Mu 1597 ku Beijing kunakumana nthumwi ziwiri zodzapereka ulemu kwa mfumu ya Ming: Yi Su-gwang wa ku Korea, wa zaka za m'ma 30, ndi Phùng Khắc Khoan wa ku Vietnam, nkhalamba ya zaka pafupifupi 70. Panalibe womva liwu la mnzake. Anatenga burashi, inki ndi pepala n'kuyamba kucheza polemba, kufunsana za maiko awo, kupatsana ndakatulo. Patapita zaka zoposa 300, mu 1905, Phan Bội Châu, amene ankafunafuna njira yochotsera Afalansa ku Vietnam, atafika ku Yokohama anacheza ndi Liang Qichao wa ku China mwa njira yomweyo. Ndikaganiza za anthu awiri atakhala chete patebulo, akusinthana pepala, wina n'kuseka atawerenga za mnzake, ndimasirira. Sindingathe kuchinyoza chinthu chimene chinachititsa zotere.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuti munthu afike pocheza ndi burashi ankayenera kutha ubwana wake wonse akuloweza zilembo masauzande ndi mabuku athunthu, osagwira khasu. Akanatha zimenezi ndani? Mwana wamwamuna wa banja lopeza bwino. Mlimi, msodzi, kapolo ndi pafupifupi mkazi aliyense anatsala kunja. Ndipo chilankhulo chimene mayi ankatonthozera mwana, chimene anthu ankalirira maliro, chinalibe zilembo.

Ajapani anayamba kubwereka zilembo za Chitchaina chifukwa cha kamvekedwe kokha, tanthauzo n'kulisiya. Pofuna kulemba a ankalemba 安, ngakhale nkhaniyo isali ya mtendere. Zaka zikupita, dzanja likuthamanga, zilembozo zinafewa monga bambo aja anandionetsera, mpaka panabadwa hiragana. Amuna a kunyumba ya mfumu anapitiriza kulemba za boma m'Chitchaina, ndipo zilembo zatsopanozi zinkatchedwa onnade, dzanja la akazi. Ndi dzanja limeneli mayi wina, Murasaki Shikibu, analembera nkhani yaitali ya Genji koyambirira kwa zaka za m'ma 1000. Iye mwini analemba kuti ali mwana ankagwira maphunziro a Chitchaina msanga kuposa mlongo wake, amene ndiye ankaphunzitsidwa, iye akungomvera pambali, ndipo bambo awo ankadandaula kuti akanabadwa mwamuna. Atakula ankabisa nzeru zake, kunamizira kuti sadziwa ngakhale chilembo cha nambala 1, chimene ndi kamzere kamodzi kogona. Ndakatulo za Chitchaina za amuna a nthawi yake lero zimawerengedwa ndi akatswiri owerengeka. Nkhani ya mayiyu inamasuliridwa m'zilankhulo zambiri.

Ku Korea zinatengera mfumu. Mu 1443 Sejong wa ufumu wa Joseon anapanga zilembo zatsopano 28, n'kuzilengeza mu 1446. Mawu ake otsogolera ndi osavuta kumva: chilankhulo cha dziko lathu n'chosiyana ndi cha ku China ndipo sichigwirizana ndi zilembo zawo, choncho anthu wamba ambiri ali ndi zofuna kunena koma sangathe kuzilemba, ndipo ndawamvera chisoni. Makonsonanti anawajambula potengera mmene lilime, milomo, mano ndi mmero zimakhalira potulutsa liwulo. Mavawelo anawamanga pa zizindikiro zitatu: kadontho koimira thambo, mzere wogona woimira dziko, mzere woima woimira munthu. Nduna yake ina inalemba kuti wanzeru angaziphunzire m'mawa umodzi, wochedwa kumva m'masiku 10. Mtsikana uja anandiphunzitsa pa kapepala kopukutira m'manja tikudya m'lesitilanti, ndipo chakudya chisanathe ndinali nditalemba dzina langa.

Akuluakulu ophunzira anakana. Mu 1444 Choe Malli ndi anzake analembera mfumu kuti kukhala ndi zilembo zawozawo ndi khalidwe la mitundu yosatukuka, natchula Amongolia, Ajapani ndi Atibeti, ndipo anati zingakhale zamanyazi nkhaniyi itamveka ku China. Ankaopanso kuti anthu akapeza njira yachidule adzataya mabuku a anzeru akale. Munthuyu sindimuda. Moyo wake wonse unathera pa zilembozo, ulemu wake unali pomwepo, ndipo ankakhulupiriradi kuti akuteteza chitukuko. Chikhulupiriro chimenechi chinali chozama kotero kuti ufumu wa Ming utagwa mu 1644, Amanchu n'kulowa ku Beijing, ophunzira a ku Korea anayamba kudziona kuti ndiwo atsala osunga mwambo weniweni wa China, ena n'kumawerengabe zaka potsata mfumu yomaliza ya Ming. Koma analakwa, ndipo mtengo wa kulakwa kwa anthu onga iye unalipiridwa ndi ena. Kwa zaka pafupifupi 450 zilembo za Sejong, zimene lero zimatchedwa hangul, zinakhala za akazi, za makalata a m'banja, za nthano zotchipa. Mu 1504 mfumu Yeonsangun inaziletsa itapeza zikalata zoidzudzula zolembedwa m'zilembozo. Zinalowa m'makalata a boma mu 1894, chaka chomwe mayeso akale aja anathetsedwa.

Nditawerenga mawu a Sejong aja ndinakumbukira agogo anga aakazi. Buku Lopatulika ankawerenga bwinobwino, nyimbo za m'buku ankazidziwa ndi manambala ake omwe. Koma ikabwera kalata ya kuboma kapena ya kuchipatala, yolembedwa m'Chingerezi, ankaisunga m'chitini kudikira mdzukulu abwere ku holide, nthawi zina tsiku lotchulidwa m'kalatamo litadutsa kale. Mbiri yathu ndi ina, sindikuti n'chimodzimodzi. Koma nkhope ya munthu wogwira pepala lonena za moyo wake, limene sangathe kuliwerenga, ndimaidziwa. Mfumu imene inaiona nkhope imeneyo n'kukhala pansi kuganizira mmene lilime limagundira m'kamwa ndimaipatsa ulemu kuposa mafumu onse ogonjetsa maiko amene ndawatchula.

Avietinamu anayenda njira yovuta kuposa onse. Zilembo zawo, chữ Nôm, ankazipanga pomata zilembo ziwiri za Chitchaina, china cha tanthauzo, china cha kamvekedwe. Liwu lawo la zitatu ndi ba, ndiye anatenga chilembo chomveka ba n'kuchimata ndi cha nambala 3. Kuti munthu awerenge Nôm ankayenera kudziwa kaye Chitchaina, motero khomo silinatseguke kwa mlimi. Komabe ndakatulo yaikulu ya Nguyễn Du, ya mtsikana Kiều, ya mizere 3,254, inalembedwa m'Nôm. Nkhani yake anaitenga m'buku la ku China, koma anailuka m'chilankhulo cha kwawo mokoma kotero kuti osadziwa kuwerenga ankailoweza pakamwa. Kenaka zinadza zilembo zachilatini, zokonzedwa ndi amishonale achikatolika. Dikishonale ya Alexandre de Rhodes inasindikizidwa ku Rome mu 1651. Afalansa anazikakamiza pofuna kudula Vietnam ku China, koma omenyera ufulu anazitenga n'kuzipanga zawo ataona kuti munthu wamkulu atha kuphunzira kuwerenga m'miyezi yochepa. Mayeso omaliza a mtundu wa Confucius anachitika ku Huế mu 1919, patatha zaka 14 China mwiniwake atawathetsa. Lero pafupifupi aliyense ku Vietnam amawerenga, koma ambiri sangawerenge mwala wa pamanda a makolo awo akale.

Nthawi ina madzi anabwerera kumtunda. Kuyambira 1868, Japan atatsegukira maiko a ku Ulaya, omasulira mabuku ake anapanga mawu atsopano ndi zilembo zakale zomwezo. Nishi Amane anapanga tetsugaku pofuna kunena filosofe, ndipo liwulo linapita ku China kukakhala zhexue, ku Korea cheolhak, ku Vietnam triết học. Telefoni ndi denwa, dianhua, jeonhwa, điện thoại. Ophunzira a ku China amene anakhamukira ku Tokyo dziko lawo litagonja kwa Japan mu 1895 ndiwo ananyamula ambiri mwa mawuwa kupita nawo kwawo. Koma Japan, wophunzira uja, atakula mphamvu anachita zoipa kuposa mphunzitsi wake. Japan analamulira Korea kuyambira 1910 mpaka 1945, chakumapeto kwake anachotsa Chikoreya m'sukulu, ndipo mu 1942 anamanga akatswiri amene ankalemba dikishonale ya chilankhulocho. Mawu akuti ndife a zilembo zimodzi ndi mtundu umodzi anagwiritsidwa ntchito pokometsera nkhondo. Nkhani zimenezi m'kalasi mwathu sizinkakambidwa, koma aliyense ankadziwa kuti zilipo. Lero Japan ali ndi mndandanda wa boma wa zilembo za Chitchaina 2,136 zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, Korea amalemba pafupifupi zonse m'hangul, Vietnam m'zilembo zonga zathu.

Chakumapeto kwa chaka mnzanga wa ku Vietnam anabwera ndi mapepala a fotokope opindidwa m'thumba la jekete. Anali masamba a buku la mibadwo ya banja lawo, limene limakhala paguwa la makolo kumudzi kwawo. Bambo ake aakulu anamupatsa ponyamuka, chifukwa chimwalirireni nkhalamba yomaliza yodziwa zilembo zakale m'banjamo munalibenso wotha kuliwerenga. Ku Xi'an anabwerera Chitchaina cha malonda, koma mapepalawa anawasunga chaka chonse, kudikira kuti adziwe zilembo zokwanira.

Tinatsalira tonse anayi pamodzi ndi aphunzitsi, anzathu atapita. Aphunzitsi ankawerenga mokweza m'katchulidwe ka ku Beijing, mnzangayo n'kumabwereza dzina lililonse m'katchulidwe ka kwawo, n'kulilemba m'zilembo zachilatini. Pamene wolembayo anathamangitsa dzanja, bambo a ku Japan aja, amene anazolowera burashi kuyambira ali mwana, ankathandiza kuzindikira. Dzina, chaka chobadwa, chaka chomwalira, malo a manda. Mtsikana wa ku Korea anazindikira kawerengedwe ka zaka, kofanana ndi ka pa kalendala ya agogo ake. Ine ndinkangogwira ngodya ya pepala kuti lisapindike.

Pa tsamba lachitatu, m'mphepete, munthu wina anali atawonjezera mizere iwiri ndi dzanja losiyana. Aphunzitsi anayamba kuwerenga, n'kuima pa chilembo choyamba chomwe. Anasendeza pepala pafupi ndi maso. "Zidutswa zake ndikuzidziwa," anatero. "Cha kumanzere chimatanthauza kummwera, cha kumanja chaka. Koma chilembochi si chathu. N'chanu ichi."

Mnzangayo anatenga pepala lija. Anatchula chidutswa cha kumanzere m'katchulidwe ka kwawo, nam, yemwe uja wa mu An Nam. Anabwerezanso chapansipansi, akumvetsera. Ulendo wachitatu anafupikitsa liwulo pang'ono: năm. Ndi mmene amatchulira chaka kwawo, liwu la pakhomo, limene mayi ake amagwiritsa ntchito. Analilemba m'kope mwake, n'kusunthira chala pa chilembo chotsatira.